Maso a nkhono pa mulu wa kaunjika

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndili mwana ndinkayesa kuti mwambiwu ukunena za nkhono basi, moti tsiku lina m'dzinja ndinanyonyomala kuseri kwa nkhokwe kudikira kuti itulutse timaso take. Nditatopa ndinaigogoda ndi kamtengo, iyo n'kulowereratu m'chigoba. Tanthauzo lake ndinadzalimva ndevu zitamera kale, nditagwada pa mulu wa kaunjika mumsika wa Tsoka ku Lilongwe, mkono uli m'kati mpaka m'phewa ngati wokumba mbewa.

Dzina lenilenilo silinamiza munthu. Ndi kaunjika chifukwa zovala zake n'zounjika, ndipo palibe amene anaziyala kuti akusangalatseni. Anzathu a ku Zambia amati salaula, kuchokera ku Chibemba, kutanthauza kufukula n'kusankha. Ku Kenya ndi ku Tanzania amati mitumba. A ku Ghana ndiye sabisa mawu: pa msika wawo waukulu wa Kantamanto ku Accra amati obroni wawu, zovala za mzungu wakufa, poti sankakhulupirira kuti munthu wamoyo, wamutu wake wabwinobwino, angataye malaya opanda chigamba ndi chimodzi chomwe.

Belo limabwera lofinyidwa ndi makina, lolemera pafupifupi makilogalamu 45, lomangidwa ngati wakuba wogwidwa pamsika. Wogulitsa naye sadziwa zimene zili m'katimo. Wagula mphaka m'thumba, ndipo podula zingwe amayamba wapemphera. Likangoti phwa, fungo lija limatuluka, fungo limene Mmalawi aliyense angalizindikire ngakhale atam'dzutsa pakati pa usiku. Apa mpamene pamasiyana ana ndi akulu. Wopupuluma amalumphira chowala chimene chili pamwamba. Wodekha amapinda chitenje, n'kukhala pansi, n'kuyamba ntchito.

Mphunzitsi wanga pa sukulu imeneyi anali azakhali anga. Iwo chovala sachiona ndi maso okha. Amachitembenuza kunja kukhale m'kati, amayang'ana m'khwapa, amakoka msoko, amayendetsa zipi katatu, amawerenga mabatani, kenako amachikweza ku dzuwa kuti ngati pali kabowo kadziulule kokha. Akachikonda, nkhope amaikwinya ngati alawa mandimu.

"Achimwene, kansanza aka mukuti zingati?"

"Mayi, imeneyo ndi nambala wani, yatsika ndege dzulo."

"Ndege yake yodutsa m'fumbi? Chotsaniponi, ndikapukutire mbale."

Kunenerera kumatha mphindi makumi awiri. Azakhali amanyamuka kawiri ngati akupita, wogulitsa amawaitana kawiri, ndipo Lamlungu kansanza kaja kamakhala pa mpando wa kutsogolo kutchalitchi, amayi anzawo akufunsa ngati mwana wawo wa ku Joni watumiza katundu.

Ine ndinkadziona ngati wophunzira wanzeru, mpaka tsiku la nsapato. Ndinapeza nsapato yachikopa, yofiirira, chidendene chosadyeka ngakhale pang'ono. Vuto linali limodzi: inali ya kumanzere yokha. Ndinafukula mulu wonse, thukuta lili kamukamu. Podzutsa mutu ndinaona bambo wina tsidya lina la mulu atakumbatira inzake pachifuwa ngati khanda, naye akufukula. Maso athu anakumana. Palibe anayankhula. Iye anakhala pansi, inenso ndinakhala pansi. Dzuwa linasuntha. Wogulitsa anadya chinangwa chake n'kumaliza. Ine ndinayamba kuganiza za minibasi, za ndiwo, za mvula imene inkachita mdima cha ku Bunda. Ndinaika nsapato ija pansi kuti ndione nthawi pa foni, ndipo dzanja la mkulu uja linafika msanga kuposa mphamba pa mwanapiye.

"Zikomo achimwene," anatero mwaulemu wonse. "Fodya wako ndi amene ali pamphuno."

Anandiphunzitsa mwambi wachiwiri osandilipiritsa.

Kudekha kumafunikanso pa kuwerenga. Zovala izi zimabwera zikulankhula zinenero za eni ake, ndipo sizisankha pozilankhulira. Ndinaonapo gogo wina wamwamuna, ndevu zili mbuu, akuweruza mlandu wa malire a munda atavala sikipa yolengeza kuti iye ndi mkwatibwi wa chaka chino. Ndinaonapo mkulu wa mpingo akutsogolera nyimbo pa maliro, pamsana pake pakuitanira anthu ku mpikisano wa kumwa mowa wa m'tauni ina ya ku Germany. Nanga jekete zija anazisokera chipale chofewa cha ku Canada? Mnyamata amaivala mu Okutobala ku Nsanje, zipi mpaka m'khosi, chipewa chaubweya kumutu, thukuta likutsika ngati mathithi a Kapichira. Mukamufunsa amati kutchena sikuona nyengo.

Ndipo tisaiwale kuti ufulu wofukula chilichonse pa mulu sitinabadwe nawo. Lamulo la kavalidwe la 1973 linkaletsa amayi kuvala mathalauza ndi masiketi osafika m'mawondo, ndipo linachotsedwa mu 1993. Azakhali amati chaka chimenecho mathalauza a amayi a pa kaunjika anatuluka m'chigoba ngati nkhono yomva mvula.

Koma maso enieni a nkhono saonekera pamsika. Amaonekera kunyumba, patapita zaka. Kumene chovala chinachokera, moyo wake unatha tsiku limene mwini wake anatopa nacho. Kuno ndiye kumayamba ntchito. Jekete ya bambo ikayamba kutha m'zigongono imapita pa khonde la sitolo kwa telala, yemwe makina ake a Singer ndi akulu kuposa iye mwini. Telala amaidula manja, yasanduka wesikoti. Thalauza likabooka m'mawondo limasanduka kabudula wa mwana woyamba, kenako wa wachiwiri, kenako wa mwana wa mlongo wake wobwera kudzakhala nawo. Miyendo yodulidwa ija sitayidwa: wina ndi thumba la mabuku, wina ndi zigamba za zaka zisanu zikubwerazo. Katani wa pawindo la hotela ina ya kutali amasanduka madiresi a operekeza mkwatibwi. Chitenje chikasuluka chimabereka mwana, chikang'ambika ndi thewera, chikatheratu ndi nkhata ya pamutu popita kumjigo. Juzi yothothoka amaimasula ulusi n'kulukira khanda chipewa. Sokosi yotsala yokha, inzake itasowa, ana amaifunira mapepala a pulasitiki n'kumanga chikulunga. Ngakhale tayala la galimoto silipuma pantchito, limatsika n'kukhala nkhwayila n'kupitiriza ulendo wapansi.

Masiku ano ndikumva kuti kumaiko olemera zimenezi zili ndi maina apamwamba, ndipo anthu amalipira ndalama kuti aphunzire kusoka chigamba. Jinzi yong'ambika m'mawondo ikugulidwa modula kuposa yabwinobwino. Agogo anga akanamva akanaseka mpaka kutsokomola, poti iwo anatha moyo wawo wonse akubisa mafashoni osadziwa.

Pali pena pamene mwambiwu umandiluma. Thonje timalima tokha ku Balaka, ku Salima ndi ku Chikwawa. Dzina la kampani ya David Whitehead ya ku Blantyre linali pa nsalu za m'nyumba zambiri. Lero timadikira kuti wina ku London anenepe kuti ife tipeze thalauza. Dziko la Rwanda linayesa kugogoda nkhono: mu 2016 linakweza msonkho wa zovala zakale kuti liteteze mafakitale ake, ndipo mu 2018 America inaliimitsira mwayi wogulitsa zovala kumeneko mopanda msonkho pansi pa lamulo la zamalonda la AGOA. Nkhono ina ukaigogoda imaluma. Komabe ndimadzifunsa ngati kudekha kwathu konse kuli kudekha, kapena kwina ndi tulo.

Jekete yanga yoyamba ya pa kaunjika, imene ndinafunsirira mayi a kunyumba, inadutsa njira yonse ija. Inakhala wesikoti, inakhala chofunda cha mwana, inakhala chotsekera mphepo pawindo losweka. Pano ndi chikolopa. Dzulo poifinya ndinaona kachikwangwani kake kakadali pakhosi, kakulamula mwamphamvu kuti chovalachi chisakhudze madzi, chizichapidwa ndi akatswiri okha. Ndinakawerenga mwaulemu, n'kuchiviikanso m'ndowa. Mabatani ake anayi ali m'kachitini pa shelefu, akudikira jekete ina. Sakufulumira.