Kali Kokha N'kanyama, Anatero Maginito

Kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu. Mwambi uwu umakonda kutuluka pa zinkhoswe, azakhali akakhuta mpunga ndipo maso awo akagwera pa mwana wa mlongo wawo amene wakwanitsa zaka 35 asanaonetsepo munthu pakhomo. "Nanga inu bambo, zanu tidzavina liti?" Mnyamatayo amangoseka mwaulemu, n'kuzika maso pa foni.

Masiku ano mwambiwu ukuona zakuda. Anthu akuti kukhala wekha ndiwo mtendere. Wakutopetsa, mubuloke. Gulupu ya banja ya pa WhatsApp ikaitanitsa chopereka kachitatu mwezi womwewo, tulukamo pakati pa usiku onse ali mtulo. Mpingo ukakangana pa ndalama za malata, theka la akhristu linyamula mabenchi ake n'kukayamba kupemphera m'kalasi pa sukulu ya pulayimale. Chipani chikakumana mpando, kalembetse chako. Onsewa chikhulupiriro chawo n'chimodzi: vuto ndi mbali inayo, ndipo ukaidula n'kuitaya, otsala adzakhala a mtima umodzi mpaka kalekale.

Ine ndikanakonda kuti anthu otere, asanapite kwa loya kapena kukadinditsa nsalu za chipani chatsopano, ayambe aswapo maginito.

Amene anakulira pafupi ndi wokonza mawailesi amawadziwa maginito akuda, a mkombero, okhala kumbuyo kwa sipika. Ana amawamanga chingwe n'kumawakoka mumchenga, akawadzutsa atamera ndevu za timchenga takuda toima njo. Maginito aliwonse ali ndi mbali ziwiri, ya kumpoto ndi ya kummwera. Mbali zofanana zimakankhana, zosiyana zimakokana. Chinthu cha mbali ziwiri zotsutsana chotere asayansi amachitcha dipole. Tsono tinene kuti mbali ya kummwera yakunyansani, mukufuna kutsala ndi ya kumpoto yokha. Tengani sowo, dulani pakati. Mupeza kuti chidutswa chimene mwasunga chamera kummwera kwake pomwe mwadulapo, ndipo chimene mwataya chamera kumpoto kwake. Dulaninso. Zomwezo.

Izi si zachilendo. Mu 1269 Mfalansa wina, Petrus Peregrinus wa ku Maricourt, ali pa msasa wa asilikali ozinga mzinda wa Lucera ku Italy, analemba kalata yofotokoza za mwala wokoka zitsulo, kuti ukauswa pawiri chidutswa chilichonse chimakhala ndi mbali zake ziwiri. Anzake ali kalikiliki kuganiza zogumula linga, iye ali pambali kuswa timiyala. Gulu lililonse limakhala naye munthu wotere, ndipo nthawi zambiri ndi amene amakumbukika.

Chimachititsa n'chakuti m'maginito mulibe nkhokwe ya kumpoto kunsonga ina ndi nkhokwe ya kummwera kunsonga inayo. Mu 1820 Hans Christian Ørsted wa ku Denmark anaona singano ya kampasi ikupatuka itayandikana ndi waya woyenda magetsi, ndipo posakhalitsa André-Marie Ampère wa ku France ananena kuti mphamvu ya maginito imachokera ku magetsi oyenda mozungulira. Pindani waya akhale mkombero, mulowetsemo magetsi: nkhope ina ya mkomberowo ikhala kumpoto, inayo kummwera. Ndiye kandipezereni mkombero wa nkhope imodzi. Lero tikudziwa kuti ngakhale elekitironi imodzi, kanthu kamene palibe anakagawapo, kali kale kamaginito ka mbali ziwiri. Maginito a m'sipika ndi chikhamu chabe cha timaginito totere titayang'ana kumodzi. Mukhoza kudula mpaka sowo itha mano, simupeza msoko pamene mbali ziwirizi zinalumikizidwira.

Tibwerere ku mpingo wa m'kalasi uja. Miyezi yoyamba ndi chikondi chokhachokha, nyimbo zikumveka mpaka kumsika, aliyense akuchitira umboni za mmene ankazunzikira kumene anachokera. Kenako pakufunika msungichuma. Asankhidwa mlamu wake wa abusa. Lamlungu lotsatira amayi atatu a kwaya akhala benchi yakumbuyo, manja ali pachifuwa, sakuwomba m'manja. Kummwera kwamera. Gulupu yatsopano ya pa WhatsApp imene munatsegula mutatuluka m'yakale n'kuitcha "Banja Lenileni", ya anthu asanu ndi mmodzi ogwirizana, pofika Khirisimasi atatu mwa iwo atsegula ina yopanda inu, ndipo mukudziwa chifukwa mmodzi wasokoneza n'kutumiza kwanu uthenga wonena za inuyo.

Apa ndipo ndimaona kuti azakhali mwambi wawo amaumva theka. Iwo akamati tiwiri amaganiza za awiri ogwirizana, omwetulira pa chithunzi cha ukwati. Maginito akuti awiri okhalitsa ndi osiyana. Ofanana ndiwo amakankhana, ndipo amakankhana kwambiri akayandikana.

Kadulidwe nako kali ndi nkhani. Maginito aatali ngati ndodo mukawadula mopingasa, zidutswazo zimakokana pomwe mwadulapo, chifukwa pabalapo mbali ina yasanduka kumpoto, inayo kummwera. Kumeneku ndiye kupatukana kwa banja kumene mayi apita kwawo ndi mapoto onse koma bambo akutumizabe mayunitsi madzulo aliwonse. Maginito a sipika ndi ena. Mbali zawo zili pankhope, ina pamwamba, ina pansi. Mukawagwetsa pa simenti n'kusweka pawiri, zidutswazo zimakhala zofanana ndendende, ndipo mukati muzibwezere mmene zinalili, kumpoto kumakhala pambali pa kumpoto, kummwera pambali pa kummwera. Yesani. Mano a pabala akulowana bwinobwino, maso akuona kuti apa m'pamene panali, koma zala zikumva kanthu kakukankha. Mukangofewetsa dzanja, chidutswa chimodzi chimadzitembenuza chagada n'kukakamira chinzake mwa njira ina. Ndi chifukwa chake mipingo iwiri yoimba nyimbo za m'buku limodzi, amayi ake ovala mabulauzi ofanana, imatha kudana koposa mmene imadanirana ndi aliyense pa dziko. Kuti ilumikizanenso payenera wina kugona chagada, ndipo m'busa wolola zimenezo ndi wosowa.

Asayansi nawo sanagonje msanga. Kwa zaka pafupifupi 100 akhala akusaka kanyama kameneka, maginito a mbali imodzi, amene amawatcha monopole. Anayambitsa ulenje ndi Paul Dirac wa ku Cambridge, amene mu 1931 anasonyeza kuti masamu sakuletsa kanthu kotere kukhalapo. Anaonjezanso kuti kakanangopezeka kamodzi kokha, kulikonse m'chilengedwe, kakanafotokoza chifukwa chake mphamvu ya magetsi ya tinthu tating'ono imabwera m'miyezo yofanana osati mwachisawawa. Dirac anali munthu wosayankhula, moti anzake ankaseka kuti muyezo wake ndi liwu limodzi pa ola. Munthu wotere kulota za kanthu kokhala kokha, palibe angadabwe. Koma mu 1937 iye yemweyo anakwatira Margit Wigner, mayi wodziwika ndi kucheza. Azakhali a ku England ayenera kuti analuluta.

Nkhani yokoma inachitika ku yunivesite ya Stanford ku America. Blas Cabrera anatchera kachipangizo ka waya wozizira zedi, woyendamo magetsi popanda chotchinga, kuti monopole ikadutsa pakati pake magetsiwo adumphe ndi muyezo wodziwika. Tsiku lina anadumphadi, ndi muyezo womwe masamu a Dirac ankayembekezera. Tsikulo linali Lamlungu, pa 14 February 1982. Mwa masiku onse a chaka, mbeta ya chilengedwe chonse inasankha kuonekera pa Valentine. Inadutsa kamodzi, osabweranso. Cabrera anamanga zipangizo zokulirapo, ena m'maiko ena anamanganso zawo, koma zii. Lero ku CERN, pafupi ndi Geneva, kumene kuli ngalande yozungulira ya makilomita 27 yowombanitsiramo tinthu tating'ono, kuli kafukufuku wotchedwa MoEDAL. Anthu a madigiri awo anaika zitsulo za aluminiyamu kuti monopole ikabadwa ikakamire m'menemo, kenako amakaziyeza. Ndi msampha weniweni, wotchera kanyama kamene mwambi unatchula kalekale, ndipo mpaka pano sunagwire.

Ku magetsi malamulo ndi ofewerapo, chisudzulo n'chololedwa. Pozitivu akhoza kukhala kwake, negetivu kwake. Kungoti sakhalitsa mwamtendere, ndipo akasiyanitsidwa ochuluka m'mitambo, kubwererana kwawo ndi mphezi ija imang'amba mitengo. Nthawi zambiri amakhala limodzi m'kanthu kamodzi, wina mbali iyi, wina mbali iyo, n'kupanga dipole ya magetsi. Amene anaphunzitsa dziko kuyeza kupendekeka kotere m'mamolekyu ndi Peter Debye wa ku Netherlands, analandira mphoto ya Nobel mu 1936, ndipo muyezo wake umatchedwa ndi dzina lake.

Madzi ndiwo chitsanzo chachikulu. Molekyu ya madzi ili ndi atomu imodzi ya okosijeni ndi awiri a haidirojeni. Okosijeni ndi wadyera, amakokera ma elekitironi kwake, motero mbali yake imakhala ya negetivu pang'ono, ya haidirojeni ya pozitivu pang'ono. Chinanso, molekyuyi ndi yopindika, ngodya yake ndi madigiri pafupifupi 104.5, ndiye kukokaku sikufafanizika. Pa muyezo wa Debye madzi ali pa 1.85. Yerekezani ndi mpweya wa carbon dioxide, uja umatumphuka m'zoziziritsa kukhosi. Mmenemo kaboni ali pakati, okosijeni wina kumanja, wina kumanzere, onse pa mzere wowongoka. Aliyense akukoka ndi mphamvu zake zonse, koma poti akukokera kosiyana mofanana, woyeza ali panja amapeza ziro. Mabanja a ziro otere tonse timawadziwa: pa tchalitchi amafika pa galimoto imodzi, amakhala benchi imodzi, palibe anamvapo phokoso. Bambo ali pakati pa mayi awo ndi akazi awo, sakusuntha, ndipo anthu amati ndi munthu wodekha.

Chopindikacho ndicho chimagwira ntchito. Chifukwa cha mbali zake ziwiri, mamolekyu a madzi amagwirana, pozitivu wa uyu ndi negetivu wa uyo, n'chifukwa chake madzi amadikira madigiri 100 kuti awire, pomwe hydrogen sulphide, wachibale wake wolemererapo wonunkha ngati dzira lowola, ndi mpweya kale ngakhale kuzizire bwanji ku Dedza. Mchere ukagwera mumphika, madzi amauzinga, mbali ya okosijeni kugwira sodiyamu, mbali ya haidirojeni kugwira kolorini, mpaka banja la mchere litha osamenyana. Mafuta alibe mbali zotere, ndiye ndi madzi sapatsana moni. Kuti mbale ya nyama iyere pamafunika nkhoswe, ndipo nkhosweyo ndi sopo: molekyu yake mutu umamvana ndi madzi, mchira umamvana ndi mafuta. Imadya uku ndi uku, koma mlandu umatha. Mu uvuni ya mayikirowevu namo ndi madzi omwewa amagwira ntchito. Mphamvu ya magetsi imasinthasintha kolowera, kupita n'kubwerera, maulendo 2.45 biliyoni pa sekondi, mamolekyu a madzi n'kumayesa kutembenuka nayo, ndipo m'chipwirikiti chimenecho nsima ya dzulo imatentha.

Kutembenukaku kwandikumbutsa maginito aakulu kuposa onse amene tili nawo. Mu 1600 William Gilbert, dokotala wa ku London, analemba kuti dziko lapansi lenilenilo ndi maginito. Tsopano tikudziwa kuti mphamvuyi imachokera ku chitsulo chosungunuka chimene chimayenda mkati mwa dziko. Poti nsonga ya kumpoto ya kampasi imakokedwa ndi mbali yosiyana nayo, ndiye kuti maginito a dziko ali ndi kummwera kwawo cha kumpoto kwa mapu. Wakhala pa mpando wa kumpoto ndi wa mbali inayo, ndipo oyenda panyanja akhala akumutsata kwa zaka mazanamazana osadandaula.

Sakhalanso malo amodzi. James Clark Ross anapeza malo amene kampasi imalozawo kumpoto kwa Canada mu 1831, koma kuchokera apo akhala akusuntha, ndipo zaka zapitazi anathamanga makilomita oposa 50 pa chaka kulowera ku Siberia. Mapu a mphamvuyi, amene ndege, sitima ndi kampasi ya m'foni mwanu zimadalira, amakonzedwanso zaka zisanu zilizonse, ngati zisankho zathu, ndipo mu 2019 anachita kuwakonza nthawi isanakwane chifukwa wosunthayo anapitirira muyezo. Miyala ya chiphalaphala yomwe inauma kalekale imasonyeza zoposa apa: mbali ziwirizi zasinthanapo malo kambirimbiri, kumpoto kupita kummwera, kummwera kubwera kumpoto, komaliza zaka pafupifupi 780,000 zapitazo. Olamula anasanduka otsutsa, otsutsa n'kukhala olamula, koma mbali zinatsala ziwiri zomwezo. Kwathu kuno phungu akaoloka chotere timathamangira ku Gawo 65 la malamulo oyendetsera dziko, maloya n'kudyapo zaka zingapo. Dziko lapansi linangooloka ndi nyumba yonse, ndipo panalibe woti akadandaule kwa Sipikala.