Malangizo kwa Aphunzitsi Otuma Ana ku Komboni

Inu aphunzitsi a sukulu zaukachenjede za ku Gweru ndi kwina konse, amene mwasenza udindo wophunzitsa achinyamata kafufuzidwe ka miyambo ya anthu, tcherani khutu. Pakuti indetu ndinena kwa inu, wofufuza miyambo uja Malinowski anangodzizunza pachabe kuzilumba za Trobriand kuyambira 1915, kuphunzira chinenero ndi kudya za eni dziko, pamene ntchito yonseyo ikadatheka Loweruka limodzi, basi ya sukulu ikulira pachipata.

Atumizeni ku Zvishavane, kumene mgodi wa Shabanie unaleka kutulutsa asbestos, kapena ku Redcliff, kumene ng'anjo za ZISCO zinazima mu 2008, pakuti kumeneko kuli ana ndi zidzukulu za machona a ku Nyasaland amene anadza pa malole a Ulere, ndipo popeza ntchito inatha, mpata woyankha mafunso ali nawo wambirimbiri. Wophunzira asachedwe ndi malonje, kapena kufunsa za odwala m'nyumbamo. Asolole pepala la chilolezo asanakhale n'komwe pampando, nauze agogowo kuti adinde chala. Palibe chokhazika mtima pansi choposa pepala lotere, makamaka kwa munthu amene atate ake anadinda chala pa pangano la chibalo, amenenso iye mwini lamulo la unzika la 2001 linamusandutsa mlendo m'dziko lobadwira, chitupa chake nichimutcha alien. Funso loyamba likhale lakuti, "Kodi kwanu kwenikweni n'kuti, agogo?"

Za gule wamkulu musavutike nazo. Mwana wosameta alunjike kudambwe foni ili m'manja, afunse dzina la munthu amene ali m'kati mwa Kasiyamaliro, pamodzi ndi zaka zake zakubadwa. Akamuyankha kuti m'menemo mulibe munthu, n'chilombo chochokera kumanda, alembe kuti woyankhayo sanamvetse funso. Makolo anati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma makolowo analibe tsiku lotsekera kulandira malipoti.

Anawo akabwerako, mudzaona kuti makope awo onse adzala ndi mayankho amodzimodzi, osalala bwino, amene akuluakuluwo anawasula kalekale poyankha akapitawo, apolisi a pamgodi ndi alembi a boma, nawasungira mlendo aliyense wodza ndi cholembera. Musadere nkhawa ayi. Auzeni kuti m'maphunziro apamwamba zimenezi timazitcha umboni wogwirizana, ndipo chaka chamawa mutumize enanso kukhomo lomwelo, popeza njira akuidziwa kale oyendetsa basi.