Mapanga Awiri ndi Seva ya ku Mandimba

Amene anayambitsa mwambi woti mapanga awiri avumbwitsa sanakhalepo ku Mandimba. Akanangokhalako tsiku limodzi la msika, akanaubweza mwambiwo kukauganiziranso. Munthu wa kuno amadzuka ndi masimu khadi awiri mufoni, ina ya Movitel kapena Vodacom, ina ya Airtel kapena TNM ya kutsidya kwa malire, ku Malawi. Thumba lakumanja muli metikali, lakumanzere muli kwacha, ndipo mtengo wa tomato amaudziwa m'ndalama zonse ziwiri asanasukusule. Kwa afumu alankhula Chiyao, pamsika Chinyanja, ku ofesi Chipwitikizi, ndipo akakwera chapa ya ku Cuamba, pofika pakati panjira wayamba kupereka moni m'Chimakuwa. Ngakhale khoma la nyumba yake lili ndi mapanga awiri: soketi ya kuno ya timabowo tiwiri tozungulira, ndi adaputa ya wailesi yomwe inadutsa pa chipata cha malire cha Chiponde ili pakabaza, pulagi yake ya mano atatu. Munthu wotereyu mvula siimupeza panja.

M'boma lonse lino, amene mwambiwu umamugwirabe pakhosi ndi mmodzi yekha, ndipo si munthu. Ndi kompyuta ija amaitcha seva.

Seva ndi kompyuta yomwe palibe amaikhalira kutsogolo. Ntchito yake ndi kusunga mapulogalamu ndi kuyankha makompyuta ndi mafoni ena akaifunsa. Yomwe ndikuidziwa ine ndi ya kabungwe kena ka alimi ogulitsira limodzi soya, nandolo ndi chitowe. Imakhala pansi pa tebulo, pakati pa chidebe cha madzi ndi mulu wa matumba opanda kanthu, ndipo woisamala ndi mphwanga, mwana wa mlongo wanga, amene anaphunzirako za makompyuta ku Cuamba. Kwa zaka zambiri inkanyamula pulogalamu imodzi, yolemba matumba olowa ndi ngongole za mbewu. Kenaka ogula ena anatumiza pulogalamu yachiwiri, yoti alimi azilandira ndalama zawo pafoni. Mphwanga anaiika usiku, kuti m'mawa anthu adzadabwe. Anadabwadi.

Kuti mumvetse chimene chinachitika, dziwani kuti pulogalamu yolembedwa m'chinenero cha Java siiyima payokha. Imafuna Java yeniyeniyo ikhale pansi pake, iziiwerenga ndi kuuza makina chochita. Tsono Java ili ndi mibadwo. Java 8 inatuluka mu 2014, Java 11 mu 2018, Java 17 mu 2021, Java 21 mu 2023, ndipo pakati pa zimenezi pali tina, tomwe kuyambira 2017 timatuluka miyezi isanu ndi umodzi iliyonse. Fayilo iliyonse ya pulogalamu imadindidwa nambala ya mbadwo umene inapangidwira: Java 8 imadinda 52, Java 11 imadinda 55, Java 17 imadinda 61. Mungowonjezera 44, popeza owerengawo anayambira pa 45 kalelo. Java yatsopano imawerenga mafayilo a mibadwo yakale, koma yakale ikaona nambala yoposa yake imangotseka pakamwa. Zili ngati pabwalo la kwathu: mwana ayenera kumva zonse za akulu, koma mkulu sakakamizidwa kumva za mwana.

M'mawa mwake, alimi a ku Ngauma atafika kale ndi matumba panjinga, ena atanyamuka ku Massangulo tambala asanalire, seva inakana kudzuka. Pagalasi panatuluka dzina lalitali, UnsupportedClassVersionError, ndi manambala awiri: 61.0 ndi 52.0. A msungichuma anasuzumira paphewa la mphwanga, magalasi ali kunsonga ya mphuno.

"Iwe, 61 imeneyo ndi mtengo wa soya? Wakwera liti osandiuza?"

"Ayi bambo, ndi msinkhu wa fayilo."

"Nanga 52?"

"Ndi pomwe Java yathu imalekezera kuwerenga."

"Ndiye tikugula pa 52 kapena pa 61?"

Panthawi ngati imeneyi aliyense amasanduka dokotala. A mlembi anati ndi vayirasi, chifukwa kwa iwo chilichonse chovuta pakompyuta ndi vayirasi, ngakhale chingwe chodyedwa ndi makoswe. Mlonda anati magetsi anabwera mwaukali usiku. A wapampando anati tiitane katswiri wina wa ku Cuamba, ulendo wa makilomita pafupifupi 150 pamsewu wa N13, munthu amene mankhwala ake ndi amodzi pa nthenda iliyonse: kufufuta zonse n'kuyambanso. Panja, alimi anauzidwa mawu aja odziwika kuyambira kubanki mpaka kuchipata cha malire: sistema yagwa.

Mphwanga anachita zanzeru. Anagula ma mega, n'kuimika foni pazenera pomwe netiweki imagwira bwino, n'kukopera Java 17, katundu woposa ma megabayiti 150. Anaiika pambali pa Java 8, osachotsa yakaleyo. Analemba java -version, kompyuta inayankha mwaulemu kuti 17. Anaomba m'manja. Anayatsa Tomcat, pulogalamu ya chizindikiro cha mphaka ija yomwe imanyamula mapulogalamu a Java pa seva, ndipo Tomcat inabwereza mawu ake omwe aja: ine ndimalekezera pa 52.

"Malume, ndaifunsa ndekha, yati ili ndi 17."

"Waifunsa ndani?"

"Kompyutayi."

"Nanga akukanayo ndani?"

"Kompyuta yomweyi."

Apa ndiye mvula inayamba kugwa. Nkhani yake ndi yoti kompyuta siili ndi pakamwa pamodzi. Ukaifunsa iwe pawindo lakuda lija lolembapo malamulo, imayang'ana Java yomwe yayikidwa patsogolo pamndandanda wako. Koma Tomcat ikamadzuka yokha makina akayaka, siiona mndandanda wakowo. Imawerenga kafayilo kake komwe munthu wina analembamo zaka zapitazo mzere wotchedwa JAVA_HOME, kuloza komwe kuli Java yoti igwiritse ntchito. Mzere umenewo unkalozabe ku Java 8. Mphwanga anali m'phanga latsopano, mphaka wake ali m'phanga lakale, ndipo aliyense ankanena zoona.

A wapampando, amene miyambi amaisunga kuposa malisiti, anagamula mlandu pomwepo. Mapanga awiri avumbwitsa, mwana iwe; gumula limodzi. Mphwanga, pokhala mwana woleredwa bwino, anamvera. Anachotsa Java 8, n'kulozetsa zonse ku 17.

Nambala 52 inasowadi, koma inapita ndi pulogalamu yakale ija. Inafa ndi uthenga wina, NoClassDefFoundError, ikulira kuti siikupeza chinthu chotchedwa javax.xml.bind. Zoti Java yatsopano imawerenga zakale ndi zoona, koma pali tizida tina tomwe tinkabwera m'kati mwa Java 8 timene eni ake anatichotsa pofika Java 11, n'kunena kuti wofuna azidzinyamulira yekha. Wolemba pulogalamu ya matumba sananyamule, chifukwa m'nthawi yake tinalipo taulere. Mphekesera itafika panja yoti kaundula wa ngongole za mbewu sakutseguka, nkhope zina zomwe zinali zitakwinyika chiyambire m'mawa zinayamba kuwala. Bambo wina anafunsa mwachifundo kwambiri ngati matendawo ali ochizika.

Pulogalamu yatsopano nayo siinathokoze. Siinalire, siinadandaule, koma aliyense woitsegula ankangolandira 404, kusonyeza kuti pakhomopo palibe munthu. Chifukwa chake n'choseketsa kuposa zonse, pakuti ndi mkangano wa dzina umene unachitikira kutali ndi Niassa. Kampani ya Oracle inagula Sun Microsystems, eni Java, mu 2010. Mu 2017 inapereka gawo la Java la maseva ku bungwe la Eclipse Foundation, koma dzina loti Java inalisunga. Atakambirana osamvana, mu 2019 zinadziwika kuti zida za gawo limeneli zoyamba ndi javax zisinthe n'kuyamba ndi jakarta. Tomcat 9, yomwe inali pa seva yathu, imadziwa javax yokha, Tomcat 10 imadziwa jakarta yokha, dzina lomwe pulogalamu yatsopano ija inkaitana. Kuno mayina tinasinthapo ife: Nova Freixo inakhala Cuamba, Vila Cabral inakhala Lichinga, ndipo agogo amene anapitiriza kutchula dzina lachitsamunda sitima inkawafikitsabe kwawo. Tomcat ulemu wotero ilibe. Ukaitana dzina lomwe siilidziwa, imakuyang'ana duu. Choncho maloya a ku America atalephera kugwirizana, mlimi wa ku Ngauma anadya nkhomaliro ya chinangwa chootcha atakhalira thumba lake.

Mphwanga anakoperanso Tomcat 10, foni ili pazenera pomwe paja. Poiyatsa inagwa nthawi yomweyo ndi mawu oti Address already in use. Pulogalamu iliyonse ya pa seva imamvetsera pa khomo la nambala yake, ndipo Tomcat iliyonse imabadwa ikufuna khomo 8080. Yakale ija inali itakhala kale pamenepo. Amphaka awiri, khomo limodzi.

Chimene chimandisangalatsa ine pa nkhani yonseyi n'chakuti seva siinaname ngakhale kamodzi. Tomcat imasunga fayilo yotchedwa catalina.out momwe imalemba madandaulo ake, ndi nthawi yake. Vuto ndi loti imadandaula motalika, mizere makumi angapo pa cholakwa chimodzi, ndipo munthu wothamanga amangowerenga mzere womaliza pagalasi, kapena kujambula chithunzi chosaoneka bwino n'kutumiza kwa anzake pa WhatsApp. Chonsecho nkhani yeniyeni imakhala pa cholakwa choyamba chimene chinalembedwa makina atangoyaka, ndi pamizere yoyamba ndi Caused by, makamaka wotsiriza mwa imeneyo. Zina zonse ndi maliro a achibale.

Musaganize kuti ndi nkhani ya soya yokha. Ziwerengero za zaumoyo zochokera m'zipatala za maboma ngati Mandimba, Ngauma ndi Cuamba zimalowa mu SIS-MA, yomwe inamangidwa pa DHIS2, pulogalamu yochokera ku yunivesite ya Oslo imene a Malawi amagwiritsanso ntchito. Nayo ndi ya Java, imakhala pa Tomcat, ndipo mtundu wake uliwonse umabwera ndi malangizo onena Java yomwe ukufuna. Manambala omwe anasokoneza a msungichuma athu ndi omwewo amene akatswiri a ku Maputo ndi ku Lilongwe ayenera kuwayang'anitsitsa asanasinthe kanthu.

Dzuwa litapendeka, mphwanga anasiya kumvera akuluakulu n'kuyamba kuwerenga. Anabwezeretsa Java 8. Anasiya ma Tomcat onse awiri, iliyonse mufoda yake. Mu iliyonse analemba kafayilo kotchedwa setenv.sh, kokhala ndi mzere umodzi: Tomcat 9 ipite ku Java 8, Tomcat 10 ipite ku Java 17. Mu server.xml ya yatsopanoyo anasintha khomo kukhala 8081, osaiwala khomo lina lija la 8005 lozimitsira, lomwe nalo amalimbirana. Anazimitsa makina onse n'kuyatsanso, kuti aone ngati zidzuka zokha popanda iye kuzigwira dzanja, poti kuno magetsi sapempha chilolezo pochoka. Zonse zinadzuka. Kaundula wa ngongole anatseguka, ndipo bambo wachifundo uja anakumbukira mwadzidzidzi kuti anasiya mbuzi pamsewu.

Ndiye mapanga anakhalabe awiri, ndipo palibe anavumbwanso. A wapampando sanakondwe nazo kwenikweni, poti zinkaoneka ngati mwana wagonjetsa makolo. Ine ndikuti makolo sanalakwe, kungoti mwambi wawo timaunena mothamanga. Wovumbwa uja sanavumbwe chifukwa phirilo linali ndi mapanga awiri. Anavumbwa chifukwa mvula ikuyamba anali asanasankhe kolowera. Wosintha ndalama pamalire amadziwa thumba la kwacha ndi thumba la metikali ngakhale mumdima. Seva yathu inapatsidwa ma Java awiri popanda woiuza kuti iyi ndi ya uyu, iyo ndi ya uyo, ndipo makina saganizira okha zimene mwini wake akufuna.

Anzake a mphwanga a ku Nampula amuuza kuti zonsezi ndi zachikale, aike Docker, kuti pulogalamu iliyonse iziyenda itanyamula Java yake ndi Tomcat yake m'bokosi lake. Nzeruyo ndi yabwino, ndipo dziko lambiri likuchita zimenezo. Koma amene amalangizawo sagula ma mega ndi ndalama za bungwe, ndipo sanaimepo pazenera atagwira foni m'mwamba kwa ola lathunthu.

Pamsonkhano wotsatira nkhaniyi inalowa m'maminitsi. Anagwirizana kuti mphwanga alembe papepala manambala onse, pulogalamu iti, Java iti, Tomcat iti, khomo liti, n'kulimata ndi selotepi pa seva. Anagwirizananso kuti kuyambira soya akayamba kulowa mpaka nandolo atatha, aliyense wopezeka atadina batani lolembedwa Actualizar alipe nkhuku. A mlembi anapempha kuti kope lawo lachikuto cholimba, lomwe tsiku lonse lija linalemba matumba popanda kufunsa msinkhu wa munthu, ligulidwe lina. Pempholo linadutsa popanda wotsutsa. A msungichuma okha ndi amene anaimika dzanja kumapeto: amva kuti kuli Java 21 yodinda 65, ndiye bwanji bungwe likukakamira pa 61 pomwe ena akulandira 65?