Ulemu kwa a Typhi, osunga mwambo

Kuno ku Chinyonga timavulira zipewa mabwana a magalimoto, koma akuluakulu enieni timawameza ndi madzi osawapatsa n'komwe moni. Ndikunena a Salmonella Typhi, eni ake a matenda a tayifodi.

Taonani khama lawo. Pakati pa 1998 ndi 2010, pa chipatala cha Queen Elizabeth, chomwe timapitako wapansi, ankapezeka m'magazi a odwala ngati 14 pachaka. Mu 2014 anafika 782. Ndi sitolo iti ya mu Limbe inakulapo chotero? Ofufuza a Malawi-Liverpool-Wellcome anapeza kuti awa ndi a fuko la H58, limene ampicillin, Bactrim ndi chloramphenicol amangolisisita.

Koma chondigometsa ine ndi mwambo wawo. M'kati mwawo muli timakina totchedwa ribosome, tosoka mapuloteni usana ndi usiku ngati telala wa pakhonde. Zigawo zina za RNA ya timakinati zakhala chimodzimodzi kwa zaka mabiliyoni, moti mu 1977 Carl Woese anaiwerenga ngati kaundula wa mafuko a zamoyo. Ife foni ikakwanitsa zaka ziwiri timati yakalamba.

Chloramphenicol ntchito yake n'kulowa m'makinamo n'kuwatsamwitsa. Kodi a Typhi anataya makina a makolo? Ayi ndithu. Analemba mlonda, enzyme yolemaza mankhwalawo asanafike pamakina. Nzeru zotere ngakhale ku Nyambadwe kulibe.

Tsoka lake, anthu a kaduka sasowa. Venkatraman Ramakrishnan, Thomas Steitz ndi Ada Yonath analandira mphoto ya Nobel mu 2009 chifukwa choonetsa dziko mmene ribosome inapangidwira, kachidutswa ndi kachidutswa. Tsopano asayansi amayerekeza RNA ya mabakiteriya ambirimbiri, kufunafuna malo amene onse sanawakhudzepo. Amati pamene sipasintha ndiye kuti posinthapo makina amafa, ndipo pakakhala posiyana ndi ribosome ya munthu, m'pamene mankhwala atsopano angaponyedwe osativulaza ife. Tangoganizani, kusaka nkhalamba potsata kukhulupirika kwake! Ngati izo zachepa, mu 2018 anayesa katemera wa tayifodi pa ana a ku Ndirande ndi ku Zingwangwa, ndipo mu 2023 anamufalitsa dziko lonse.

Komatu musade nkhawa, a Typhi. Ine ndili nanu. Makapisozi ophera mabakiteriya amene ndinagula pa okala mwezi watha ndinamwa masiku awiri okha, mutu utaleka ndinasiya. Otsalawo ndasungira mlamu wanga, akuti m'mimba mwayamba kumupota.