Rufus wa pa wayilesi

Pa siteji ya basi mu msewu wa McLemore ku Memphis, pafupi ndi pomwe panali situdiyo ya Stax, madala awiri anali pa mtsutso. Basi inkachedwa, ine n'kutchera khutu.

"Achimwene, munthu woulutsa pa wayilesi n'kumajambulanso nyimbo zake, mbale ya mnzake aiika liti? Kumeneko n'kudzikondera," anatero wa ndodo.

Mnzake anapukusa mutu. "Inu simukumudziwa Rufus Thomas. Ankachita zonsezi akugwirabe ntchito ku fakitale yoyeretsa nsalu, zaka zopitirira 20. Akaweruka, ulendo ku WDIA. Anthu omwe ankatuluka nawo thukuta masana ndi omwewo ankamumvera. Nyimbo yoti iwavinitse akanaiphonya bwanji?"

Ine ndinali mbali ya mkulu wachiwiriyu. WDIA si wayilesi wamba. Kuyambira 1949 mapologalamu ake onse anali a anthu akuda, ndipo mu 1954 mphamvu yake itafika mawati 50,000, mawu ake ankamveka mpaka m'minda ya thonje ku Mississippi. Naye B.B. King anaulutsako pamenepo asanatchuke. Amene wakhala pa maikolofoni yotere tsiku ndi tsiku, akulandira makalata opempha nyimbo, amadziwa mtima wa anthu kuposa bwana wa kampani ya mbale.

Wa ndodo sanagonje. "Nanga Bear Cat ya 1953 ija? Sam Phillips wa Sun Records sanatengeredwe kukhoti poti nyimboyo inafanana ndi Hound Dog?"

"Zoona, analipira. Koma ndani anabweretsa mwana wake Carla pakhomo pano mu 1960, dzina la Stax likadali Satellite? Nyimbo ya bambo ndi mwana wawo ija ndiyo inachititsa a kampani ya Atlantic kuti atembenukire kuno. Walking the Dog mu 1963, munthu ali ndi zaka 46. Chaka chotsatira anyamata a Rolling Stones n'kuyiimbanso ku England."

Apa mkuluyo anaimirira, mawu akukwera.

"Ku chikondwerero cha nyimbo cha Wattstax, Los Angeles, 1972, anthu oposa 100,000. Akuimba Funky Chicken, khamu linalumpha mpanda n'kudzaza bwalo. Woimba wamba akanasowa chochita. Rufus anawalankhula monga ankalankhulira pa wayilesi, mwanthabwala, mosakalipa, mpaka anabwerera m'mipando. Mundiuze, achimwene, luso limenelo akanaliphunzira mu situdiyo?"