Ulemu kwa Mfumu ya Pansi pa Mpando

Vulani zipewa, anthu a ku Assumane, tiwombe m'manja. Pansi pa mpando wa chapa yoyenda njira ya Metangula pamakhala mfumu yosavala nduwira: ka relay kozulidwa pa galimoto yakufa, mawaya osiyana mitundu, ndi malegeni omangira zonsezo. Ntchito yake ndi imodzi basi, kugawira batire yachiwiri moto umene alternator imapanga injini ikamalira.

Chilungamo chake n'chosowa. Alternator ikamapereka ma volt 14, mfumu imatsegula chipata, mabatire onse awiri n'kudyera mbale imodzi. Injini ikazima imatseka, kuti wailesi ndi mafoni a okwera zizidya yachiwiriyo, yolizira galimoto isakhudzidwe. Ena amaikapo diode, koma ameneyo ndi wokhometsa msonkho: amadulapo pafupifupi 0.7 volt pa moto uliwonse wodutsa, batire n'kumagona ndi njala.

Amakaniko okonda mabuku amati relay ilumikizidwe ku waya wa kagetsi kofiira ka batire, kuti izitsegula injini italira kale. Mfumu yathu ilibe nthawi yodikira. Idalumikizidwa ku kiyi. Ndiye bwerani m'mawa wa mu June, chisanu cha Lichinga, mzinda wokhala pamtunda wa mamita oposa 1,300, chitafooketsa batire. Dalaivala akapotoza kiyi, starter imakoka ma amp oposa 100, ena mwa iwo kudzera m'kawaya koyenera nyale ya m'chipinda. Kawayako kamatentha, mphira n'kusungunuka, amayi a pa mpando wakutsogolo n'kuwotha moto osalipira ngakhale metical imodzi. Mfumu yopatsa chotere mudaionapo kuti? Za fyuzi musafunse. Idapsa chaka chatha, ndipo m'malo mwake mudalowa kawaya ka kopa kamene sikadziwa kugonja.

Mfumuyi imasamalanso thanzi la anthu ake. Tsiku limene relay yakakamira osatseka, wailesi imamwa mabatire onse awiri, ndipo abambo ovala jekete amatsika n'kukankha chapa mpaka thukuta kamukamu, kondakitala akuwalimbikitsa ndi mawu okhaokha.

Magetsi a ku Cahora Bassa adafika ku Lichinga mu 2005, koma mayunitsi a Credelec akatha mwezi usanathe, damu lonselo silikuthandizani. Apo m'pamene batire yachiwiri imatsika m'galimoto madzulo, kulowa m'nyumba pa phewa la mwana wachisamba, n'kuyatsa babu ndi kudzutsa mafoni a mzere wonse wa nyumba. Asidi wake amasiya timabowo pa malaya a sukulu, chizindikiro cha banja lachifumu chimene sopo sachotsa.

Mwambo wa pabwalo la mfumuyi ndi umodzi: batire ikamatchajidwa imatulutsa mpweya wa hydrogen, choncho fodya zimitsani musanaweramire pansi pa mpando. Amene adanyozera lamuloli mudzawadziwa pa msika, alibe nsidze.