Ndinakweza Anthu Phiri Kukaonera Nkhondo Yosamenyedwa

Malume anga amati tchesi ndi masewero a anthu aulesi. Kwathu kuno ku Nachisaka mwamuna amadziwika pa bawo, pomwe nkhomo zimalira ndipo wodyeredwa amamva mawu a anthu onse omuzungulira. Ine tchesi ndinaiphunzira kusekondale, ndipo nditatsegula kagolosale ndinayamba kuyala bolodi pakhonde madzulo. Ana oweruka kusukulu anayamba kuima, kenaka kukhala pansi, mapeto ake ndinapezeka ndili ndi kagulu kanga. Malume akamadutsa ankangopukusa mutu. Ndinkafunitsitsa kuti tsiku lina adzaone okha kuti pabolodi paja pamamenyedwa nkhondo yeniyeni, ndipo mu 2022 ndinaganiza kuti tsikulo lakwana.

Chaka chimenecho akatswiri asanu ndi atatu anasonkhana ku Madrid, m'dziko la Spain, kulimbirana mwayi wokakumana ndi Magnus Carlsen, yemwe anali katswiri wa dziko lonse. Aliyense ankayenera kusewera magemu 14. Atatha magemu 11, Ian Nepomniachtchi wa ku Russia anali patsogolo ndi mapointi 8, ndipo Hikaru Nakamura wa ku America anali ndi 6. Awiriwa ankakumana Lachisanu pa 1 Julayi. Ana anga ankamukonda Nakamura chifukwa cha timafilimu ta pa YouTube tomwe ndinkawaonetsa. Ine ndinawerengera motere: munthu watsalira ndi mapointi awiri, kwatsala magemu atatu, amene wamutsekera njira wakhala naye maso ndi maso. Angachitenso chiyani koposa kumenya nkhondo? Ndinalengeza pabwalo la bawo kuti Lachisanu kuli ntchito, ndipo ndinawapempha malume kuti asalephere.

Pagolosale panga netiweki imabwera modukizadukiza, koma pamwamba pa kaphiri ka kuseri kwathu imagwira bwino. Nthawi imeneyo ndalama ya kwacha inali itangotsitsidwa mphamvu mu Meyi, zinthu zitakwera mtengo, ndipo m'thumba munali mopepuka. Ndinatenga ndowa ya soya imene mayi a kunyumba anasungira sopo ndi mchere, n'kukagulitsa kwa mavenda ndisanawauze, poganiza kuti ndidzabweza ndikagulitsa katundu wa m'golosale. Ndinagula bandulo yaikulu, n'kukatchajitsa foni kometera tsitsi komwe kuli sola. M'miyezi imeneyi nthawi ya ku Madrid imafanana ndi yathu, choncho masewero ankayamba 3 koloko masana.

Tinanyamuka ngati gulu. Ana ananyamula bolodi, mkeka ndi mbatata yootcha, cholinga chathu chili chakuti katswiri akasuntha kumeneko, ifenso tisunthe pabolodi pathu n'kumakambirana. Malume anabwera ndi anzawo awiri a pabawo, onse atavala majekete chifukwa mphepo ya Julayi m'mapiri a Dowa siseka ndi munthu. Malume amayenda ndi ndodo, ndiye tinkaima pafupipafupi. Mwana wina atadandaula kuti tachedwa, ndinamuuza kuti asade nkhawa, magemu oterewa amatenga maola asanu kapena kuposa.

Titafika pamwamba ndinatsegula foni. Bolodi inaoneka, zoseweretsa zambiri zili m'malo mwake, koma palibe chimene chinkasuntha. Pambali panalembedwa ½–½. Ndinati netiweki yazizira. Ndinazimitsa foni n'kuyatsanso, osasintha. Ndinatuma mnyamata wina kuti athamangire kumsika akagule mayunitsi ena, ndipo ndinalankhula mawu oipa za wogulitsa mayunitsi uja pamaso pa ana, kuti wandibera. Munthuyo sanalakwe chilichonse, ndipo mawa lake ndinapita kukamupepesa. Kenaka ndinakwera pathanthwe lina lalitali, foni ndili chikwezere m'mwamba. Potsika ndinaterereka, bondo linamenya mwala, phazi linabinya, ndipo galasi la foni linang'aluka.

Ndili chikhalire pansi pamenepo, ululu ukukwera m'mwendo, ndi pomwe ndinawerenga bwinobwino zolembedwa m'munsi mwa bolodi. Masewero anali atatha ife tikadali m'njira. Aliyense anasuntha ka 14 basi. Anatsegula ndi njira yotchedwa Berlin, anadyerana pang'ono, kenaka mfumukazi yoyera inayamba kupita pa e4 n'kubwerera pa d4, yakuda kupita pa e6 n'kubwerera pa d6. Malamulo a mpikisanowo ankaletsa kugwirizana zolepherana aliyense asanasunthe ka 40. Koma lamulo lina lakale la tchesi limati bolodi ikaoneka chimodzimodzi katatu, masewero akhoza kuthera pomwepo popanda wopambana. Anadutsira pamenepo. Njira imeneyi akatswiri onse amaidziwa pamtima, ndipo woyamba akaitsegula, mnzakeyo amamva uthenga wake.

Ndinayesa kufotokoza. Malume anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenaka anafunsa kuti, "Mphwanga, ndiye kuti anthuwa anakwera ndege mpaka kumeneko kukangopatsana moni? Bullets ndi Wanderers atati agwirane chanza mpira utangoyamba, anthu atalipira pageti, ukuganiza kuti angatuluke bwanji pa Kamuzu Stadium?" Sanakweze mawu. Anzawo aja anayamba kupinda mkeka.

Manyazi ndi mkwiyo zinandichititsa kuzimitsa foni nthawi yomweyo. Chikhala ndinangodina bolodi yotsatira, tikanaona Teimour Radjabov wa ku Azerbaijan akumugwetsa Ding Liren wa ku China m'holo yomweyo, tsiku lomwelo, atasuntha ka 26 kokha, nkhondo yoti ngakhale munthu wa bawo akanaimva kukoma. Bandulo inalipo, batire linalipo, malume analipo. Izi ndinazidziwa usiku ndili kunyumba, mwendo utatupa. Potsika phiri ana awiri ndi amene anandigwirizira. Mayi a kunyumba anandithowa ndi madzi otentha osalankhula kanthu, ndipo atamaliza anafunsa funso limodzi: "Bambo, soya uja wagula chiyani?" Ndinalibe choyankha.

Mwendo unapola, soya ndinabweza. Chimene chinatsala ndi chimene ndinachita mawa lake. Ana anabwera pakhonde ali ndi chidwi, akufuna kudziwa kuti zingatheke bwanji masewero a akatswiri kutha msanga chotero. Ndinayala bolodi n'kuwaonetsa kusuntha konse kuyambira koyamba mpaka ka 14, ndiponso ndinabwereza kuti amvetse. Mumtima mwanga ndinkawaonetsa chinthu chochititsa manyazi. Iwo anaona chida. Mtsikana wina wa Sitandade 7, yemwe ndi wakuthwa kuposa onse m'gulu langa, anaziloweza tsiku lomwelo.

Sindikunena kuti akatswiri aja analibe chifukwa. Nepomniachtchi ankangofunika kusagonja, ndipo mpikisanowo anaupambanadi ndi mapointi 9½. Nakamura ankayang'ana malo achiwiri, pakuti Carlsen anali atanenapo kale kuti mwina sadzateteza ukatswiri wake. Pa 4 Julayi, tsiku lomaliza, Nakamura ankangofunika kulepherana ndi Ding kuti malowo akhale ake, koma anagonja. Pa 20 Julayi Carlsen analengezadi kuti wasiya, ndipo Ding ndi amene anakakumana ndi Nepomniachtchi ku Astana mu Epulo 2023 n'kutenga ukatswiri wa dziko lonse. Masamu awo ndimawamva. Chimene chimandiwawa n'chakuti m'masamu amenewo mulibe munthu woonera. Amene ali mumzinda, intaneti ili m'nyumba, amangodina kwina n'kuiwala. Ife kuno kuti tione bolodi imodzi timagulitsa mbewu.

Dandauloli ndi lakale. Mu 1962, pampikisano wonga womwewu ku Curaçao, Tigran Petrosian, Efim Geller ndi Paul Keres a ku Soviet Union analepherana magemu onse 12 amene anasewera pakati pawo, ambiri mwa iwo aafupi. Bobby Fischer anawanena poyera kuti anachita kupangana, ndipo bungwe loyendetsa tchesi padziko lonse la FIDE linasintha kayendetsedwe ka mpikisanowo. Mu 2005 ku Sofia analetsa osewera kupemphana okha zolepherana. Mu 2008 ku Bilbao ankapereka mapointi atatu kwa wopambana ndi imodzi kwa olepherana, ngati mumpira. Ku Norway, kuyambira mu 2019, mukalepherana mumaseweranso gemu yachangu tsiku lomwelo kuti wopambana apezeke. Mpanda uliwonse umene amanga, wofuna kutuluka amapeza podutsira.

Chaka chotsatira ulendo wa kuphiri uja tinamva za kampikisano ka ana ku Mponela. Makolo anasonkha, ine ndinawonjezerapo, ndipo tinapita ndi ana ochepa. Anasewera bwino koposa mmene ndinkayembekezera. Pofika gemu yomaliza, mtsikana uja ndi mnyamata wanga wina anali pamwamba, ndipo anawakumanitsa okhaokha. Mphoto zinali makope, zolembera ndi chikwama cha kusukulu, za anthu awiri oyamba. Akalepherana, onse awiri alandira. Wina akagonja, akhoza kupitidwa ndi mnyamata wa sukulu ina amene anali pambuyo pawo pang'ono.

Ndinaima kumbuyo kwa chingwe. Nditaona hatchi yakuda ikudya pa e4, mtima unagunda. Nditaona mfumukazi yoyera ikufika pa d4, ndinadziwa. Anamaliza anzawo asanatenthetse n'komwe mipando, anakweza manja, anagwirana chanza. Mnyamata wa sukulu ina uja anasewera gemu yake mpaka dzuwa kupendeka, analimbana, anapambana, ndipo atapita kukaona pepala la mapointi anapeza kuti waperewera theka. Anakhala pansi pakhonde n'kuyamba kulira. Mphunzitsi wake anandiyang'ana kamodzi kokha. Woyang'anira masewero anandiitanira pambali n'kundifunsa kuti ana aang'ono chonchi njira imeneyi aidziwira kuti. Ndinawauza kuti ndinawaonetsa ndine. Anati palibe lamulo limene laphwanyidwa, mphoto apereka, koma nkhope yawo inanena zina.

M'galimoto pobwerera ndinamufunsa mtsikanayo chifukwa chake. Anayankha maso ali pansi, chikwama atachikumbatira: "Ankolo, ngati a Nakamura anachita zomwezi, ife talakwa chiyani? Ine kope ndinalibe, ndimalemba masamu ndi Chichewa mumodzi." Ndinafuna kumuuza kuti iyeyo ndi wamphamvu, akanatha kupambana, kuti munthu sadziwa kukula kwake akamathawa gemu imene ikanamuyesa. Koma ndinakumbukira kuti kunyumba kwawo chimanga chimatha chaka chisanathe, ndipo ndinakhala chete. Mwana wosowa kope ali ndi chifukwa chomveka kuposa cha munthu amene amakhala m'hotela ya ku Madrid.

N'chifukwa chake ndinamva kupepukidwa mu Disembala 2023, pamene ku Samarkand Nepomniachtchi yemweyo ndi Daniil Dubov anangoyendetsa mahatchi uku ndi uku n'kulepherana, woyang'anira masewero n'kuwapatsa ziro onse awiri. Koma patangotha chaka, pa 31 Disembala 2024 ku New York, Carlsen ndi Nepomniachtchi anagwirizana zogawana ukatswiri wa masewero achangu m'malo mopitiriza mpaka wina agwe, ndipo FIDE inavomera. Kuno ku Malawi anthu onga a Susan Namangale, omwe anatsogolerapo bungwe la Chess Association of Malawi, akhala akufikitsa tchesi kwa ana a kumidzi ngakhalenso kundende. Ku Zambia, Amon Simutowe anafika pa udindo wa Grandmaster mu 2009 chifukwa chomenya nkhondo pabolodi. Ana amene akulandira mabolodi amenewa amatengera zimene akuona pamwamba, zabwino ndi zoipa zomwe.

Masiku ano pakhonde panga timawerenga mapointi ngati a ku Bilbao. Ndimawaonetsanso ana magemu a Gukesh Dommaraju wa ku India, amene mu Disembala 2024 ku Singapore anakana kubwereza kusuntha mugemu yachisanu ndi chimodzi ndi yachisanu ndi chitatu ngakhale zinthu sizinali kumbali yake, ndipo anamaliza n'kumulanda Ding ukatswiri ali ndi zaka 18. Amazikonda, amaombera m'manja. Komabe posachedwapa ndinapeza tiana tiwiri tatsopano, tomwe sitinakwere nawo phiri lija, tikuyendetsa mafumukazi pa e4 ndi d4, pa e6 ndi d6. Tianato tinaphunzira kwa akuluakulu awo. Ndinatiuza kuti tibwezere zonse m'malo tiyambirenso. Kamodzi kanandifunsa kuti taphwanya lamulo liti, ndipo ndinayankha kuti palibe, koma pakhonde pano wofuna kutero adzibweretsera bolodi yake.